Makilo Owonjezera pa Pikapu ya Che Amidu

Nkhani iyi sindiikamba ndili pa galimoto, koma poti lero matako ali pansi, sendezani mipando mumve. Ndi ya a Gelesomu Nyangulu, amene anali ndi mpanda wophwasuliramo magalimoto pa Lunzu, kuseri kwa msika, kumene ngakhale fumbi limanunkha oyilo.

A Gelesomu anali munthu wa masamu a m'mutu. Akaima pafupi ndi galimoto yakutha, manja kumbuyo, milomo ikugwedera, mumadziwa kuti aiphwasula kale m'maganizo: injini apo, giyabokosi apo, chotsala pa sikelo. Ankati galimoto yakale umaigula ngati ng'ombe yokalamba, suwerengera ngolo imene idzakoke, umawerengera nyama ndi chikopa. Ikayenda ndi mwayi wako, ikafa mawa ziwalo zake zikubwezere ndalama yako. Zoopsa za malondawa ankazidziwa pamtima: galimoto yakuba, ya mapepala abodza, ya injini yong'aluka yomatidwa, ya chesesi yopindika, ya dzimbiri lobisidwa ndi penti. Zaka makumi awiri ndi zisanu palibe anawapusitsapo. Ndikunena izi kuti musayese kuti anali chitsiru. Sanali ndithu. Anali ouma mtima basi, ndipo kuuma kwakenso kunali kwa kunja kokha.

Mwana anali naye mmodzi yekha, dzina lake Yotamu. Anakulira mu mpanda momwemo, sipanala anaidziwa asanadziwe pensulo. Atakula anayamba kulota za ku Joni monga anyamata onse, ndipo tsiku lina anagulitsa mobisa giyabokosi ya kasitomala kuti apeze ndalama ya basi. Bambo ake anamupeza pa siteji, chikwama chili kumsana, anthu ali mbwee. Pamaso pa onsewo anamuuza kuti:

"Kwera. Koma ukakwera, usadzatsikenso pakhomo panga."

Patapita zaka zinayi Yotamu anabwerera ali m'bokosi. Chinali chibayo, kumeneko kumazizira. Anzake anasonkherana, thupi linabwera pa pikapu yoyera ya kanopi, masiku atatu pa msewu, mpaka kumudzi ku Ntcheu, kuseri kwa Kampepuza.

Mwambo wake mukuudziwa. Womwalirira kutali sanyamulidwa ngati thumba la chimanga, amauzidwa njira. Dalaivala wodziwa ntchito amalankhula naye: apa tikuwoloka Zambezi, apa talowa m'Malawi, apa ndi pa Zalewa. Pofika pakhomo, wa pabanja amaika dzanja pa galimoto, kumuitana dzina, kumuuza kuti wafika, atsike. Tsiku limenelo akuluakulu anati poti amene anatseka khomo ndi pakamwa ndi bamboyo, atsegulenso ndi yemweyo. A Gelesomu anadzuka, anafika pa galimoto maso ali pansi, anatsegula pakamwa. Koma chimene chinakwera kukhosi sanali mawu, kunali kulira kwa mwana wamng'ono. Anaona kuti kukatuluka agwa pansi n'kugubuduka pa fumbi, apongozi akuona, makasitomala ochokera ku Lunzu akuona. Anameza. Anati, "Tsitsani bokosi, dzuwa likupita."

Kalanga ine, mawu anayi okha. Bokosi analitsitsa, pikapu inatembenuka n'kupita.

Akazi awo, Anangozo, sanakuwe ndiponso sanathetse banja. Ankangonena chinthu chimodzi, kuti bokosi anaika koma mwana sanamulandire, adakali pa msewu. Galimoto ikagwira mabuleki kunja ankatembenuka, kaya ali pakati pa pemphero. Anawachonderera amuna awo kuti aifunefune pikapu ija akanene mawuwo, koma dalaivala palibe anasunga dzina lake, anzake a Yotamu nambala zawo zinasiya kugwira, ndipo a Gelesomu yankho lawo linali limodzi, loti wakufa samva. Zaka zitatu zinatha m'nyumba imeneyo anthu awiri akudya m'mbale imodzi osayang'anana.

Ndiye Lachisanu lina kunabwera foni yochokera ku Balaka. Woimbayo anati ndi Twaibu, ali ndi pikapu ya amalume ake, Che Amidu, amene anafa ziwalo mbali imodzi; yakhala pansi pa mtengo wa mango zaka ziwiri, akufuna ichoke. Loweruka m'mawa a Gelesomu anakwera minibasi, batire lili pamiyendo, kachigubu ka dizilo kali kumapazi.

Anaipeza. Inali ya buluu, penti yopaka ndi burashi ya nyumba, kanopi palibe. Anachita zonse monga mwa nthawi zonse. Anapala nambala ya pa chesesi n'kuiyerekeza ndi ya mu bulu buku, zinagwirizana. Anatulutsa oyilo pa chala, anamununkhiza, munalibe madzi. Anakwawa pansi kugogoda chitsulo ndi hamala, chinalira bwino. Atamanga batire lawo, injini inatsokomola kawiri n'kulira ngati yadzulo. Milomo inayamba kugwedera: injini yokha masauzande mazana asanu ndi awiri, giyabokosi mazana atatu, difu, ledieta, zitseko, magalasi, matayala awiri abwino, kenako chitsulo chotsala pa kilo. Zonse pamodzi zinkakwana miliyoni imodzi ndi theka osavuta. Anafunsa mtengo, akudzikonzekeretsa kukangana mpaka masana.

Twaibu anati masauzande mazana asanu ndi anayi, ndipo ngati zachuluka anene okha.

Apa ndiye pamene ndimawakwiyira a Gelesomu. Iwo omwewo ankaphunzitsa anthu kuti mwini galimoto akatchula mtengo wochepera pa mtengo wa sikirapu, pali chimene akuthawa. Anafunsadi, Twaibu anaseka kuseka kwa mano okha, nati azakhali ake safuna kuionanso pakhomo. Ndipo panali tinthu tiwiri timene maso awo anationa. Kumbuyo, mbali ya kumanzere, pikapu inali itakhala pansi ngati yanyamula, chonsecho masipuling'i anali athunthu. M'bodi, monyamulira katundu, munadzaza masamba a mango a zaka ziwiri, kupatula malo amodzi aatali mbali yomweyo, pamene panali poyera ngati pasesedwa m'mawa womwewo. Anati ndi mphepo. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Akuwerenga ndalama pa khonde, anamva kubuula. Che Amidu anali pa mpando wa nsungwi, nkhalamba ya ndevu zoyera, pakamwa popotoka, dzanja limodzi lili lende. Anali atawayang'anitsitsa a Gelesomu kuyambira pamene anafika. Atayandikira kuti atsanzike, nkhalamba inawagwira pa mkono ndi dzanja lamoyolo, mwamphamvu zosayenera munthu wodwala. Inaloza pikapu, inaloza iwo pachifuwa, inaloza kumpoto. Lilime linkakana, malovu akutsika, misozi ikutsika. Twaibu anamasula zalazo chimodzichimodzi, nati musadandaule, akulirira galimoto yawo, ayenda nayo zaka zambiri. A Gelesomu sanafunse kuti ankayenda nayo kuti. Mwa mafunso onse a ntchito yawo, limenelo lokha analiiwala.

Ananyamuka dzuwa lili paliwombo. Maganizo awo anali oti popeza ikuyenda, ayambe aigwiritsako ntchito miyezi ingapo, kuphwasula kudikire.

Asanapite patali, bambo wina wa pa njinga anatsika, anaima pambali pa msewu n'kuvula chipewa. A Gelesomu anayesa kuti ndi wowadziwa, anaimba hutala. Kutsogolo pang'ono amayi atatu osenza nkhuni anapatuka, mmodzi anatula mtolo n'kunjuta mpaka pikapu itadutsa. Ana amene ankathamangitsa tayala anaima chilili, osakuwa, osabayibitsa. A Gelesomu anayang'ana pa galasi kuti mwina kumbuyo kwawo kukubwera galimoto ya maliro. Msewu unali mbee.

Pa Chingeni msewu umagawikana: kumanja ku Ntcheu, kumanzere ku Zalewa mpaka ku Lunzu. Atangokhotetsa chiwongolero kumanzere, anamva pa denga la kutsogolo, pamwamba penipeni pa mutu wawo: gu! gu! gu! Aliyense amene anakwerapo matola akudziwa kugogoda kumeneko. Ndi kwa munthu wa kumbuyo amene wafika pamene amatsikira, kapena amene waona kuti dalaivala wataya njira. Phazi linapita lokha pa buleki, injini inazima.

Anatsika. Kumbuyo kunalibe munthu, masamba okhaokha. Akutsegula boneti, panafika mwamuna wina wa chikwama amene ankadikira galimoto, nafunsa ngati akupita cha ku Blantyre. Asanayankhidwe anagwira m'mbali mwa bodi kuti akwere, anasuzumira, n'kubwerera m'mbuyo mapazi awiri.

"Pepani bambo, sindinaone kuti mwanyamula. Mulungu akutonthozeni."

A Gelesomu anamukalipira kuti ndanyamula chiyani, waledzera masana ano? Munthuyo anangowomba m'manja pang'ono n'kukaima patali. Iwo anamasula sefa ya dizilo, anaipemerera, anati vuto ndi zinyalala za mu thanki. Inalira. Koma chiwongolero chinali cholemera ngati wina akukokera kumanja, ndipo kugogoda kunabweranso, kenako kunabweranso. Kunkachepa mphamvu pamene ankatalikira. Pofika pa Phalula kunasiya, ndipo ndikuuzeni, bata limene linatsatira linawawawa kuposa kugogodako. Malaya anali atanyowa kumsana. Asanawoloke Shire anali atasintha kale maganizo: imeneyi Lolemba iphwasulidwe.

Kunyumba sananene kanthu. Koma Lamulungu m'mawa anadabwa kumva tsache m'chipinda cha Yotamu, chimene chinakhala chotseka kuyambira maliro. Anangozo anali atatsegula zenera, bulangete la mwana lili pa chingwe, ndipo ankaimba kanyimbo ka kwaya chapansipansi. Anati agona tulo kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu. Sanalote kanthu, koma mtima ukuwauza kuti mwana wayandikira, ali pafupi ngati kuseri kwa msika. A Gelesomu anawauza kuti asiye zamisala anthu angawaseke, anatenga jekete n'kutuluka osamwa tiyi.

Lolemba anayamba ndi injini, iwo ndi mnzawo wa zaka zambiri, a Dafitoni, wowotcherera ndi kudula zitsulo ndi gasi. Mlonda wa pa mpanda anawalandira ndi madandaulo, kuti galu wake wakana kulowa masiku awiri, ndipo madzulo kukayamba kuzizira m'pikapumo mumamveka ngati munthu akutembenuka pa malata. Anamuuza kuti ndi chitsulo chikuzizira. Injini inatuluka, giyabokosi inatuluka, ogula anali atadikira kale, moti pofika madzulo ndalama imene anagulira galimoto inali itabwerera m'thumba. Poweruka anasiya masipanala ali mbwerekete pansi monga mwa chizolowezi chawo.

Lachiwiri m'mawa pansi panalibe sipanala ngakhale imodzi. Anafufuza mpanda wonse, anatsala pang'ono kumugwira mlonda pakhosi. Anawapeza m'bodi, pa malo oyera aja. Anali atapukutidwa oyilo, atayalidwa pa saka, kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, kukamwa konse kutaloza mbali imodzi. A Dafitoni atasuzumira anangoti, "Gelesomu, kuyala uku..." n'kusiyira pomwepo. Onse awiri ankamudziwa munthu mmodzi yekha amene ankayala zida chotero.

Mudzafunsa kuti nanga apa sanazindikire bwanji? Ine ndimati mtima unazindikira, mutu unakana. Pikapu ya maliro inali yoyera, ya kanopi, iyi ndi ya buluu; iwo tsiku lija sanakweze n'komwe maso. Ndipo panali china. Kuvomera kuti mwana ali mmenemo kunali kuvomera kuti zaka zitatu zonse wakhala pa dzuwa ndi pa mvula chifukwa cha iwo. Zimenezo sakanazisenza. Anakalipa kuti pali wina akuwaseweretsa, anakankha masipanala ndi phazi, nalamula kuti bodi idulidwe lero lomwe.

A Dafitoni anayatsa gasi. Mbali ya kumanja inaduka bwinobwino. Atafika kumanzere moto unazima, phu, ngati wina wauzira. Anayatsanso, unazima. Kachitatu anavula magalasi, anatseka botolo, nati mutu ukuwawawa, ndalama ya lero asawapatse. A Gelesomu anatola chodulira okha. Kwa iwo moto sunazime. Zimenezi ndi zimene zimandiliza ine: kwa iwo sunazime, unangoyenda mofatsa ngati mwana womvera. Bodi inagawika zidutswa zinayi. Zitatu anyamata awiri a ganyu ananyamula akuseka, chachinayi chinafuna anthu anayi kuti achikweze pa ngolo.

Lachitatu anapita nazo kwa wogula zitsulo wina wa m'tauni, amene amadzaza mathiraki. Bodi ya pikapu ya mtundu umenewo a Gelesomu anagulitsapo zoposa makumi awiri, ankadziwa kuti imakwana makilo zana limodzi ndi makumi asanu, kusiyana kwake kawiri kapena katatu. Sikelo inawerenga mazana awiri ndi khumi ndi awiri. Kalaliki wa pa sikelo anakwinya nkhope, chifukwa alipo ochenjera amene amathira mchenga kapena simenti m'mapaipi. Anatsitsa, anagogoda, anasuzumira ndi tochi, anayezanso chimodzichimodzi. Chidutswa cha kumanzere chokha chinkapitirira ndi makilo makumi asanu ndi limodzi kudza awiri, ndipo chinali chitsulo chabe. Kalaliki anati sikelo sinama, analipira.

Ndipo a Gelesomu anakondwa. Ee, anakondwa, ndisawabisire. Chinthu chija chachoka pa mpanda, phindu lapitirira masamu. Pobwerera anadzera mu msika n'kugula chitenje chabwino, cha maluwa achikasu, poti chikumbumtima chinkawadya ndi mmene anawayankhira akazi awo Lamulungu. Anangozo anachilandira ndi manja awiri, anagwada. Koma usiku umenewo sanagone, ankangotembenuka, nati kaya bwanji mtima wayambanso kuthamanga.

Lachinayi masana Anangozo anachita chinthu chimene sanachitepo chimwalirireni mwana: anaphika, anavala chitenje chatsopano, anapita okha ku mpanda kukapereka chakudya. Anapeza amuna awo akumasula mawaya. Za pikapu panatsala mutu wopanda magalasi ndi zitseko ziwiri zotsamira mpanda. Chitseko chimodzi chinali pafupi ndi pamene ankadulira, ndiye kutentha kunatukusira penti ya buluu, pansi pake pakuoneka yoyera. Chogwirira chake sichinali cha kufakitale, chinali supuni yopindidwa, yomangidwa ndi mabauti awiri.

Kontena ya chakudya inagwa. Anangozo anayenda pang'onopang'ono, anagwada, anagwira supuni ija.

"Bambo a Yotamu, chitseko ichi mwachitenga kuti?"

Anawauza kuti ndi cha pikapu imene anagula ku Balaka.

"Ndinachikakamira ine chitseko ichi. Galimoto ikutembenuka ndinagwira supuni iyi, ndikumuuza dalaivala kuti aime, mwana sanatsike. Anandimasula ndi azilongo anga. Inu munali mutapita kale kumanda." Anayang'ana uku ndi uku. "Kumbuyo kwake kuli kuti?"

A Gelesomu anakhala pa tayala. Zonse zinabwera pamodzi, chipewa cha wa njinga, kugogoda kwa pa Chingeni, nkhalamba ikuloza kumpoto. Ananena zonse, sanabise, mpaka za sikelo. Anangozo anamvetsera osaphethira. Kenako anafunsa mofatsa kuti makilo opitirirawo anali angati, ndipo atauzidwa anagwedeza mutu, nati inde, mwana anali ataonda ndi matenda. Anafunsanso ngati ndalama ya makilo amenewo analandira. A Gelesomu anayang'ana chitenje. Mayiyo anadziyang'ana, anachimasula, anachipinda bwinobwino n'kuchiika pa miyendo ya amuna awo, anatsala ndi diresi lakale la mkati.

"Pitani mukamutenge," anatero.

Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi anathamanga ngati mnyamata. Anakwera njinga yamoto mpaka kwa wogula zitsulo, analowa osapereka moni, akufuula kuti abweza ndalama yonse, awonjezeranso, angowapatsa chidutswa chimodzi. Kalaliki analoza pamene panali mulu dzulo. Panali dothi lakuda ndi mabauti ochepa. Anati zitsulo zawozo ndi zimene zinakwaniritsa katundu, thiraki yanyamuka m'bandakucha. Atafunsa kuti yapita kuti, kalaliki anadabwa kuti munthu wakale pa ntchito angafunse zimenezo.

"Ku Joni, bambo. Ku ng'anjo yosungunulira zitsulo. Kudzera pa Mwanza."

Abale anga, ku Joni. Kumene anzake anasonkha makobidi awo a thukuta kuti amuchotseko.

Kalaliki anawamvera chisoni ngakhale sankamvetsa, anawalembera nambala ya thiraki pa kapepala, nati mathiraki amachedwa pa chipata cha m'malire, mwina aipeza. Foni ya dalaivala sinkagwira. A Gelesomu anakwera minibasi ya ku Mwanza, ndipo inu mukudziwa minibasi ukakhala pa changu: inaima pa Lirangwe kudikira anthu, inaima pa Zalewa kukweza matumba a makala. Pa mphambano ya Zalewa anafunsa amayi ogulitsa chimanga chootcha ngati aona thiraki ya zitsulo. Mmodzi anati yadutsa m'mawa, yofiira, ndipo inaima kanthawi pomwepo chifukwa dalaivala anatsika kukayang'ana kumbuyo, ankati wina akumenya bodi. Sanapeze munthu, anakhotera ku Mwanza.

Anafika pa chipata dzuwa litapendeka. Mathiraki anali pa mzere wautali, ndipo anayenda nawo wonse, kapepala m'manja, kuwerenga nambala imodziimodzi, kusuzumira pansi pa matenti. Ya fodya, ya nandolo, ya matabwa. Atafika kutsogolo, wa yunifolomu anayang'ana kapepalako, anayang'ana m'buku, nati imeneyo yawoloka cha m'ma thuu koloko, pano ili kutali m'dziko la eni. Anafunsa ngati ali ndi pasipoti. A Gelesomu sanakhalepo nayo, moyo wawo wonse ankati kunja kulibe chimene anataya.

Pafupi panali dalaivala wina wachikulire akumwa tiyi pa sitepe ya thiraki yake, amene anamva zonse. A Gelesomu anamugwadira, munthu wosamudziwa, anamufotokozera, namupempha kuti akaipeza thiraki yofiira pa njira akanene m'malo mwawo kuti bambo ako akuti utsike. Dalaivalayo anaika kapu pansi, anavula chipewa. Anati iye wanyamulapo maliro, mwambowo amaudziwa, ndipo sangawanamize.

"Mawu amenewo satumiza, bambo. Amafuna mwini wake, dzanja lili pa chitsulo."

Ndiye a Gelesomu anadzuka, anapita pa mtanda wachitsulo wotsekera msewu, anaugwira ndi manja awiri, anayang'ana kumene msewu umalowera. Panali anthu ambiri, osintha ndalama, ogulitsa nthochi, madalaivala, apaulendo a pa basi. Anaitana.

"Yotamu! Yotamu mwana wanga! Ndine bambo ako. Mawu aja ndabweza. Tsika, tiye kwathu!"

Kulira kuja anakumeza ku Ntcheu kunatuluka konse, kutakula ndi zaka zitatu. Anagwa, anagubuduka pa fumbi, mamina ndi dothi kumaso, akuitana dzina mpaka mawu anasasa. Palibe anaseka. Amayi a nthochi analira nawo, wa yunifolomu anatembenukira kumbali. Chinthu chimene anachiopa tsiku la maliro chinali chimenechi basi, ndipo sichinawaphe. Anakhala pamenepo akuyang'ana msewu mpaka dzuwa linafiira, kudikira kaya kamphepo, kaya chiyani. Kunkangobwera mathiraki a eni.

Anafika pa Lunzu nyali za m'magolosale zitayaka. Anangozo anali pa siteji, ataima pamene minibasi zimatsitsira, diresi lomwe lija. A Gelesomu atatsika, mayiyo sanawayang'ane iwo, anayang'ana kumbuyo kwawo, pa chitseko, mpaka kondakitala anachitseka n'kumenya bodi kuti galimoto ipite.

"Ndamuitana," anatero a Gelesomu ndi mawu otsalira. "Pamaso pa anthu onse, Anangozo, ndamuitana. Ndalira."

Mayiyo anaona fumbi la m'tsitsi lawo ndi maondo ong'ambika a thalauza, ndipo anakhulupirira. Anatambasula dzanja n'kuwachotsa kaudzu pa phewa. Kenako anafunsa kuti pamene ankaitanapo, thiraki inali mbali iti ya chipata. A Gelesomu anaweramitsa mutu.

Anangozo anayang'ana magalimoto akudutsa.

"Zaka zonsezi ndimapirira," anatero, "chifukwa ndimati ali pa msewu, koma akubwera. Tsopano ali pa msewu akupita."

Anatembenuka kulowera kunyumba, a Gelesomu akutsatira m'mbuyo. Pa msewu minibasi ina inagwira mabuleki mokuwa, ndipo amene anatembenuka anali bamboyo yekha.